Ngati Nambala Yanu ya NRC Yagwela m'Manja mwa Akuba, Mungacite Ciani?

Pali funso limene lakhala likufika ku ofesi yathu kawili-kawili, makamaka kucokela kwa anthu a ku Linda, ku Kanyama ndi ku Chawama. Munthu alandila foni kwa mlendo. Mlendoyo amuchula maina onse atatu, achula nambala ya NRC osaphonya, adziwanso ngakhale komboni imene akhala. Ndiyeno akuti: "Amai, akaunti yanu ili pa vuto, tipatseni nambala imene yabwela pa foni yanu kuti tiikonze." Funso limene anthu atifunsa ndi lakuti, munthu ameneyu anadziwa bwanji zonsezi ngati si wa ku kampani?

Yankho lake ndi lakuti masiku ano kudziwa dzina lanu ndi nambala yanu si umboni wa ciliconse. Zinthu zimenezi zimabedwa, zimagulitsidwa, ndipo zimayenda m'manja ambili ife osadziwa. M'nkhani ino tifotokoza mmene zimatulukila, zimene akuba amacita nazo, ndi zimene tingacite tikamva kuti zathu zatuluka.

Kumene maina athu akhala

Tiyeni tiwelenge malo amene tinasiyako nambala ya NRC. Polembetsa SIM tinaipeleka, cifukwa lamulo lifuna kuti SIM iliyonse ikhale pa dzina la munthu. Ku banki tinaipeleka. Ku NAPSA, ku NHIMA, ku sukulu ya mwana, ku kiliniki, kwa eni nyumba, ku kampani ya nkhongole, pofunsila nchito, polembetsa thandizo la boma, konseko tinasiya nambala kapena fotokope. Pa booth ya mobile money nthawi zina timalemba dzina, nambala ya foni ndi kusaina m'buku limene limakhala lotsegula pa thebulo tsiku lonse. Ngakhale m'mabuku a mipingo yathu ndi a magulu a village banking muli maina, masiku obadwa ndi manambala a anthu mazana.

Malo alionse mwa amenewa ali ngati nkhokwe. Nkhokwe ikabooka, cimanga cimatayika ngakhale mwini cimanga sanalakwe ciliconse. Kubooka kumeneku kumacitika m'njila zitatu. Yoyamba ndi ya akuba a pa intaneti amene amathyola makompyuta a bungwe ali kutali. Yaciwili ndi ya munthu wa mkati amene amakopa mndandanda wa maina ndi kuugulitsa. Yacitatu ndi ya mapepala wamba: mafomu otayidwa pa dzala, fotokope yotsala pa makina a m'shopu, kapena pepala la ofesi limene mupeza akukulungilamo vitumbuwa pa msika.

Si nkhani ya kutali

Pa 9 May 2022, makompyuta ena a Bank of Zambia anasokonezedwa ndi gulu la akuba a pa intaneti lochedwa Hive, limene linafuna dipo. Bankiyo inakana kulipila ndipo inabwezeletsa makina ake. Mu February 2024, Pulezidenti wa Malawi wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza nyumba ya malamulo kuti makompyuta opangila mapasipoti athyoledwa ndipo akubawo afuna ndalama. Anthu anakhala milungu yambili osalandila mapasipoti. Ku South Africa, kumene abale athu ambili agwila nchito, kampani ya Experian inavomela mu August 2020 kuti inapeleka mbili ya anthu pafupi-fupi 24 miliyoni kwa munthu amene ananamizila kukhala kasitomala wake. Pamenepo sipanathyoledwe kompyuta iliyonse. Munthu anangonama, ndipo anamukhulupilila.

Muno mu Lusaka, mu April 2024, a Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi ndi mabungwe ena a boma analowa m'nyumba ina ku Roma mmene munali kampani yochedwa Golden Top Support Services. Anagwila anthu 77 ndi kupeza ma SIM oposa 13,000. Ambili mwa ogwidwawo anali acinyamata a ku Zambia amene analembedwa nchito yoceza ndi anthu pa WhatsApp ndi Telegram motsatila mau amene anawalembela. Mu June caka comweco khoti linalamula kuti anthu 22 a ku China akhale m'ndende zaka 7 mpaka 11. Nkhaniyi itionetsa kuti kuba kwa mtundu uwu ndi nchito yolinganizidwa bwino, yokhala ndi ofesi, mabwana ndi malipilo, ndiponso kuti imafuna ma SIM ambili. M'dziko limene SIM iliyonse ifunika dzina la munthu, maina a anthu osalakwa amakhala katundu wa malonda.

Zimene zisintha ndi zimene sizisintha

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Zinthu zimene zimatidziwikitsa zili m'magulu awili. Gulu loyamba ndi la zinthu zimene tingasinthe: PIN, pasiwedi, khadi ya ku banki, ngakhale nambala ya foni. Gulu laciwili ndi la zimene sitingasinthe: dzina, tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu, ndi nambala ya NRC. Khadi yobiliwila ija, imene dziko lathu linayamba kupeleka mu 1965 ndipo munthu amatenga akakwanitsa zaka 16, nambala yake ndi ya moyo wonse. Ikatayika, amakupatsani khadi ina koma nambala imakhala imodzi-modzi.

Conco nambala ya NRC ikatuluka, yatuluka. Madzi akatayika saoleka. Koma sikuti zonse zatha. Wakuba amene ali ndi dzina lanu ndi NRC yanu ali ngati munthu amene adziwa nyumba yanu koma alibe kiyi. Kiyi ndi zinthu za m'gulu loyamba lija, ndipo nthawi zambili kiyiyo amabwela kudzaipempha kwa inu mwini.

Mmene amagwilitsila nchito zimene aba

Njila yofala kwambili ndi foni ija tachula poyamba. Amayamba ndi zoona kuti mukhulupilile bodza. Akachula NRC yanu molondola, mtima umakhala pansi, ndipo m'pamene amapempha PIN kapena nambala yacinsinsi imene yangobwela pa meseji. Nambala imeneyo imabwela cifukwa iwowo ali mkati moyesa kulowa mu akaunti yanu pa nthawi yomweyo, ndipo makina afuna umboni wakuti ndinu. Mukaiwelenga mokweza, mwawatsegulila citseko. Nthawi zonse amafulumizitsa munthu, amati akaunti itsekedwa pa mphindi khumi, cifukwa adziwa kuti munthu akapeza mpata wofunsa mnzake, bodza limaonekela.

Njila yaciwili ndi kulanda nambala ya foni. Wakuba amanamizila kukhala inu, nanena kuti foni yatayika, ndi kupempha SIM ina ya nambala yanu. Zikatheka, SIM ya m'foni yanu imafa, ndipo mameseji onse a ku banki ndi a mobile money amayamba kupita kwa iye. Cizindikilo cake ndi ici: netiweki yazimililatu pa foni yanu kwa nthawi yaitali pamene anansi anu a kampani imodzi-modzi akuimba bwino-bwino.

Njila yacitatu ndi kulembetsa zinthu zatsopano m'dzina lanu, monga SIM kapena nkhongole. Tiyelekezele mai wogulitsa tomato ndi kapenta pa msika wa ku Linda. Sanakongolepo kulikonse. Tsiku lina afuna nkhongole yoonjezela katundu, koma amukaniza, akuti dzina lake lili pa CRB cifukwa ca ndalama zimene sanabweze. Kapena SIM imene sanaionepo, yolembetsedwa pa NRC yake, yagwilitsidwa nchito kubela munthu wa ku Kitwe, ndipo apolisi pofufuza ayamba ndi dzina limene lili pa SIM. Iye sanabe, koma adzataya masiku a malonda akuyenda m'maofesi kuti ayeletse dzina.

Njila yacinai ndi kulanda WhatsApp kapena Facebook. Munthu akutumizilani uthenga wakuti watumiza molakwika manambala 6 ku foni yanu, mumubwezele. Manambalawo ndi kiyi ya WhatsApp yanu. Akalowa, amalembela onse amene ali m'foni yanu kuti mwana ali m'cipatala, atumize thandizo mwamsanga. Abusa, akulu a mpingo ndi atsogoleli a cigwilizano ca amai ndi amene akuba amawafuna kwambili, cifukwa uthenga wocokela pa nambala yao anthu saukaikila.

Tsiku loyamba

Mukamva kuti bungwe limene lili ndi mbili yanu labeledwa, kapena mukataya NRC kapena foni, kapena mukalandila foni ya mtundu uja, yambani ndi zinthu zimene zisintha.

Sinthani PIN ya mobile money ndi ya ku banki tsiku lomwelo. Musagwilitsile nchito caka cobadwa, manambala a pa NRC kapena otsatizana monga 1234, cifukwa wakuba amene ali ndi mbili yanu amayamba kuyesa amenewo. Akaunti iliyonse ikhale ndi PIN yake. Ngati pasiwedi ya Facebook ndi imodzi-modzi ndi ya imelo, sinthani zonse ziwili.

Tsegulani WhatsApp, pitani pa Settings, kenako pa Account, ndi kuyatsa Two-step verification. Mudzasankha PIN ya manambala 6 imene wakuba adzafunika kuidziwa ngakhale atalanda SIM yanu. Ngati simudziwa mocitila, pemphani mwana kapena mdzukulu akuonetseni, koma PIN mulembe nokha iye atayang'ana kumbali.

Ngati netiweki yazimilila mokaikitsa, musayembekezele m'mawa. Bwelekani foni muimbe 111 ku kampani yanu, kapena pitani ku ofesi yao ndi NRC, muwauze atseke nambalayo ndi akaunti ya ndalama. Uzaninso banki yanu. Pa nkhani iyi maola ocepa ndi okwana kuti akaunti itsale yopanda kanthu.

Ngati NRC yeniyeni yatayika kapena yabedwa, kaneneni ku polisi ndipo mutenge lipoti. Lipotilo lidzafunika ku ofesi ya National Registration potenga khadi ina. Koma lili ndi nchito inanso yaikulu: ndi umboni wokhala ndi deti. Munthu akadzakongola m'dzina lanu pambuyo pa tsikulo, mudzakhala ndi pepala loonetsa kuti khadiyo sinali m'manja mwanu. Lisungeni bwino, ndipo mulijambule ndi foni.

Mlungu woyamba

Dinani *101# kuti muone zimene zinalembedwa pa SIM yanu. Ndiyeno pitani ku ofesi ya MTN, ya Airtel ndi ya Zamtel, ngakhale kumene mulibe nambala, mukafunse manambala onse amene ali pa NRC yanu. Mukapeza ina yacilendo, pemphani aicotse ndipo akupatseni umboni wolembedwa kapena nambala ya dandaulo.

Nambala iliyonse imene yakutumizilani uthenga wacinyengo, monga uja wodziwika wakuti ndalama zija mutumize pa nambala iyi, ineneni ku ZICTA podina *707#. Mwina inu simunabeledwe, koma nambalayo ikatsekedwa mwapulumutsa munthu wina.

Funsani mbili yanu ya nkhongole. CRB imene anthu amaopa ija ndi kampani ya TransUnion, yovomelezedwa ndi Bank of Zambia, imene imasunga mbili ya okongola. Lamulo la Credit Reporting Act la 2018 lipatsa munthu ufulu woona zimene zinalembedwa pa dzina lake ndi kutsutsa zolakwika. Mukapezamo nkhongole imene simunatenge, lembani kalata ku kampani imene inakongoletsayo ndi ku TransUnion, muphatikize lipoti la ku polisi, ndipo musunge kope yodindidwa. Musalipileko ngakhale K10 kuti akusiyeni, cifukwa kulipilako kungaoneke ngati kuvomela kuti nkhongoleyo ndi yanu. Ngati wokongoletsayo ndi wolembetsedwa ku Bank of Zambia ndipo sakuthandizani, dandaulo lingapite ku Bank of Zambia komweko.

Funsaninso bungwe limene linabeledwa. Lamulo la Data Protection Act la 2021 linakhazikitsa ofesi ya Data Protection Commissioner, ndipo lilamula kuti wosunga mbili ya anthu adziwitse ofesiyo pasanathe maola 24 ngati mbiliyo yabedwa, ndi kudziwitsanso eni ake mosacedwa. Muli ndi ufulu wofunsa kuti, ndi ziti zanga zimene zatuluka? Yankho lake lidzakuuzani zoyenela kusintha. Koma cenjelani: nkhani ya kubeledwa ikamveka pa wailesi, akuba amaimbila anthu kunamizila kuti ndi a bungwe lomwelo ndipo afuna kukutetezani. Dulani foni, ndipo muimbe nokha pa nambala imene ili pa khadi yanu kapena pitani ku ofesi.

Miyezi yotsatila

Mndandanda wobedwa suola. Ungagulitsidwe lelo, wina n'kudzaugwilitsila nchito caka camawa. Akulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Conco pali zizolowezi zimene tifunika kukhala nazo masiku onse.

Palibe wa ku banki, wa kampani ya foni, wa ZICTA, wa NAPSA kapena wapolisi amene ali ndi cifukwa cofunsila PIN yanu. Aliyense wofunsa PIN ndi wakuba, ngakhale alankhule mwaulemu bwanji.

Mukalandila meseji yakuti mwalandila ndalama, kenako wina n'kuimba akulila kuti watumiza molakwika, musabweze musanaone balansi podina *115#. Nthawi zambili meseji ija imakhala yolembedwa ndi munthu, ndipo palibe ndalama imene yalowa. Ngati yalowadi, muuzeni aimbile kampani kuti ibweze yokha.

Popeleka fotokope ya NRC, lembani ndi bolopeni modutsa pa pepalalo cifukwa cake ndi deti, mwacitsanzo kuti ndi ya lendi ya nyumba, mwezi wakuti, caka cakuti. Fotokope yotelo ndi yovuta kuipeleka ku kampani ya nkhongole. Ku shopu ya fotokope, tengani ndi mapepala amene aonongeka. Musatumize cithunzi ca NRC pa gulu la WhatsApp, ndipo musalembe nambala yake pa ma link olonjeza nchito, ndalama za CDF, feteleza kapena ma bundle aulele. Nkhani za thandizo la boma kazifunseni ku ofesi ya khansala kapena ya Social Welfare.

Musalembetsele munthu wina SIM pa NRC yanu, ndipo musabweleketse khadi yanu kuti wina akatengele nkhongole, ngakhale ndi m'bale. Acinyamata ena amapatsidwa K20 kapena K50 kuti ajambulidwe ndi kulembetsa SIM zimene sadzazionanso. Ndalamayo imatha tsiku lomwelo, koma mlandu wocitidwa ndi SIM ija umatsala pa dzina lao. Tiwauze ana athu zimenezi asanakwanitse zaka 16.

Pa booth, phimbani foni ndi dzanja polemba PIN, ndipo musapatse agent foni kuti akulembeleni. Agogo amene saona bwino apite ndi munthu mmodzi wodalilika, m'malo mopempha aliyense amene ali pa mzele.

Ifenso ndife osunga

Pamene tinali kukonza nkhaniyi tinayang'ana m'makabati a ofesi yathu, ndipo tinapeza mafotokope a NRC a anthu amene anabwela ku misonkhano zaka zapitazo, ali m'faelo yosakhoma. Sitinawafunenso, koma tinali tikali kuwasunga. Tikhulupilila kuti si ife tokha. Lamulo la 2021 lija silikamba za mabanki cabe, likhudza aliyense amene asonkhanitsa ndi kusunga mbili ya anthu.

Conco tipempha alembi ndi asungicuma a mipingo, a masukulu athu, a magulu a cilimba ndi a village banking kuti acite zinthu zisanu. Funsani zokhazo zimene zifunikadi. Kaundula wa kwaya safuna nambala ya NRC. Mabuku ndi mafomu akhale m'kabati yokhoma, ndipo adziwike amene asunga kiyi. Mapepala amene nchito yake inatha atenthedwe, asatayidwe pa dzala. Mindandanda ya maina ndi manambala isatumizidwe pa magulu a WhatsApp, ndipo isapatsidwe kwa munthu wobwela ndi malonjezo a thandizo kapena wa ndale popanda cilolezo ca eni maina. Buku kapena kompyuta ikabedwa, auzeni anthu mwamsanga m'malo mobisa poopa manyazi, kuti asinthe ma PIN nthawi ikalipo.

Tigwilizanenso cinthu cimodzi m'magulu athu onse: uthenga wopempha ndalama, ngakhale ucokele pa nambala ya abusa, tiziutsimikiza poimba foni ndi kumva mau a munthuyo tisanatumize.

Kwa amene anabeledwa kale

Ambili amene abeledwa sakamba. Amaopa kusekedwa, ena amaopa amuna ao kapena akazi ao, makamaka ngati ndalamazo zinali za lendi, za sukulu kapena za gulu. Kukhala cete kumeneku ndi kumene akuba amadalila, cifukwa bodza limene lagwila nchito pa nyumba imodzi limagwilanso pa nyumba yotsatila. Amene amabeledwa si mbuli. Aphunzitsi, manesi, ochova mabasi ndi abusa onse agwapo, cifukwa anthu amene amaimba mafoni aja anaphunzitsidwa nchito yao ndipo amaicita tsiku lonse.

Ngati zakucitikilani, imbilani kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo, cifukwa ndalama zikakhala zisanatapidwe pamakhala mwai wozigwila. Musafute mameseji. Lembani nambala imene inaimba, nthawi, ndi nambala ya transaction, ndipo mupite nazo ku polisi. Kenako uzani a m'nyumba mwanu ndi a pa gulu lanu mmene zinayendela, mau amene wakubayo anakamba ndi pamene munamukhulupilila. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Pa Sondo likubwelali, tipempha kuti pambuyo pa zolengeza, mpingo uliwonse upatule mphindi zocepa kuti acinyamata athandize acikulile kuyatsa Two-step verification ndi kuona kalembela wa SIM zao. Amene ali ndi mafunso angawapeleke kwa mlembi wa mpingo wao, ndipo tidzayankha m'nkhani yotsatila. Polemba funsolo, musaikepo nambala ya NRC kapena PIN.